KODI ZOMERA ZIRI NDI NZERU? PHUNZIRO LA KAUFITI

Mwezi uno tifuna kuphunzira za kaufiti, kaudzu ka maluwa ofiira kamene kamaononga chimanga ndi mapira m'minda yathu. Pakuona chimanga chirikufota ngakhale mvula irikugwa, ena amati, Wina wandilodzera munda. Ndipo pa mau otere pamabuka udani pakati pa abale. Tiyeni tione bwino chimene chimachitika pansi pa nthaka.

Mbeu za kaufiti nzazing'ono ngati fumbi, ndipo tsinde limodzi limabala zikwi zambiri. Zimagona m'nthaka zaka khumi kapena kuposa, osamera. Koma muzu wa chimanga ukafika pafupi, mbeuzo zimadzuka, zimera, nizilowetsa muzu wao m'muzu wa chimanga, ndi kuyamwa madzi ndi chakudya chake. Nanga mbeu yopanda maso idziwa bwanji kuti chimanga chafika?

M'chaka cha 1966 anthu ophunzira a ku Amereka anapeza kuti mizu ya thonje imatulutsa timadzi timene timadzutsa mbeu za kaufiti. Ndipo mizu ya chimanga imatulutsanso timadzi ta mtundu womwewo. M'chaka cha 2005 anzao a ku Japan anazindikira ntchito yake: ndi timadzi timeneti chomera chimaitana tinkhungu ta m'nthaka, timene timathandiza mizu kupeza chakudya. Nthaka ikaguga, chimanga chimaitana kolimba, ndipo kaufiti amamva nayenso. Chimanga chiitana bwenzi, koma wobwera ndi mbala. Ndicho chifukwa chake kaufiti amachuluka m'minda yoguga.

Zomera zimazindikiranso kuwala. M'chaka cha 1880 Charles Darwin ndi mwana wake Francis analemba kuti mmera wa udzu ukavekedwa kachisoti kunsonga suwerameranso kumene kuchokera kuwala. Ndipo m'chaka cha 1990 kunadziwika kuti chimanga chikamadyedwa ndi mbozi, masamba ake amatulutsa fungo loitana timavu tokaikira mazira m'mbozizo.

Kodi tinene tsono kuti zomera ziri ndi nzeru? Pa ichi ophunzira sanamvane. Ena amati chinthu chodziwa kusiyanitsa bwenzi ndi mdani nchanzeru ndithu. Ena amakana, pakuti chomera chiribe bongo. Ife tiona kuti kaufiti anyengeka msanga: pafupi ndi thonje kapena mtedza mbeu zake zimamera, koma posapeza muzu woti ziyamwe zimafa masiku owerengeka. Chomera chimamva ndi kuyankha, koma sichilingalira monga munthu. Nzeru imene tiiona m'menemo ndi ya Mlengi amene anaika lamulo lake m'kambeu konse.

Chifukwa chake, abale, tichite izi. Tizule kaufiti asanabale mbeu, ndi kumtentha kunja kwa munda. Tithire manyowa, kuti chimanga chisasowe chakudya. Tisinthanitse mbeu, chaka china chimanga, chaka china mtedza, nyemba za soya kapena thonje. Koposa zonse tisanenere mnansi wathu ufiti chifukwa cha kaudzu aka, pakuti dzina lokha ndilo la ufiti. Mulungu anapatsa munthu nzeru yoposa ya zomera zonse, kuti asunge munda wake, ndi kukhala mwamtendere ndi mbale wake.