PHUNZIRO LA MSONKHO WA PACHIPATA NDI MTIMA WA MLENDO

Munthu akafuna kulowa m'dziko la eni, zinthu ziwiri zimafunika. Choyamba ndi pasipoti, imene boma la kwao limampatsa kuti ichitire umboni kuti iyeyo ndi yani. Chachiwiri ndi viza, ndicho chilolezo chimene eni dziko amapereka kuti mlendoyo alowe nakhale masiku owerengeka. Kawirikawiri viza siperekedwa chabe ai: mlendo amalemba mapepala, nalindira yankho, nalipira ndalama. Ndalama imeneyi ili monga msonkho wa pachipata.

M'zaka zino maboma ambiri akhala akuchotsa msonkhowu, ndipo ena achotsa ndi viza yomwe, pofuna kukopa alendo odzaona malo, makamaka a ku China. Phunziro lino lifotokoza chifukwa chake maboma amatero, ndipo lionetsa, pa chitsanzo cha dziko la Thailand ku Asia, chimene chipata chaulere chingathe kuchita ndi chimene sichingathe.

1. Chifukwa chake boma limasiya ndalama yake

Poyamba zioneka zachilendo kuti boma likane ndalama imene linazolowera kulandira. Koma mlimi akamakwirira chimanga m'nthaka sakuchitaya ai, ayembekeza ngala. Chomwecho boma limawerengera kuti msonkho wa pachipata ulipidwa kamodzi kokha, pamene mlendo akalowa alipira tsiku ndi tsiku: agona m'hotela, adya, akwera galimoto ndi boti, agula nsalu ndi zosema. Pa ndalama zimenezi amapezapo malipiro wophika, wochapa, woyendetsa galimoto, msodzi ndi mai wogulitsa zipatso. Ndipo boma lomwe limadzatolera msonkho wake pa malondawo. Chinanso, mlendo amadza ndi ndalama za kunja, zimene dziko limagulira zinthu zosapangidwa kwao, monga mafuta a galimoto ndi mankhwala.

Nanga maso a maboma ali pa China bwanji? Chifukwa chake ndi kuchuluka kwa anthu ake, amene aposa 1,400 miliyoni, ndiponso chifukwa chakuti ambiri a iwo, amene makolo ao sanatulukepo m'dzikolo, adapeza chuma chokwanira kuyendera maiko. M'chaka cha 2019 anthu a ku China adayenda maulendo oposa 150 miliyoni otuluka m'malire ao, ndipo panalibe mtundu wina umene udamwaza ndalama zambiri pa maulendo otere kuposa iwo.

2. Thailand achotsa msonkho

Thailand ndi dziko limene anthu ake ochuluka amadya za alendo. Ndicho chifukwa chake alendo akachepa, boma limafulumira kufuna mankhwala.

Mu May 2014 asilikali adalanda boma, ndipo alendo ambiri adachita mantha nasiya kubwera. Tsono boma latsopanolo lidachotsa msonkho wa viza kwa anthu a ku China ndi a ku Taiwan kwa miyezi itatu, kuyambira mu August kufikira mu November chaka chomwecho.

Patapita zaka zinai padagwa tsoka lalikulu. Pa 5 July 2018 boti lotchedwa Phoenix, lonyamula alendo, lidamira ndi namondwe pafupi ndi chilumba cha Phuket, ndipo anthu 47 a ku China adafera m'madzi. Maliro asanathe, wachiwiri kwa nduna yaikulu, Prawit Wongsuwan, adalankhula mau oloza chala Atchaina anzao okonza maulendowo. Mau amenewa adawawitsa mitima ku China, ndipo ngakhale mkuluyo adapepesa pambuyo pake, alendo ochokera kumeneko adachepa m'miyezi yotsatira. Pamenepo, mu November 2018, boma lidachotsa ndalama zokwana 2,000 baht zimene mlendo ankalipira potenga viza pofika pa bwalo la ndege. Lidachitira izi anthu a maiko ngati 20, pakati pao China ndi India. Lamuloli lidaikidwa kuti likhale miyezi iwiri yokha, koma boma lidalitalikitsa kangapo.

M'chaka cha 2019 Thailand adalandira alendo pafupifupi 40 miliyoni, ndipo pafupifupi 11 miliyoni mwa iwo anali a ku China, ndiko kunena kuti woposa mmodzi pa alendo anai alionse. Poona zimenezi, ambiri adakhulupirira kuti mankhwala apezeka: alendo akathawa, achotsereni msonkho, abweranso.

3. Chipata chitseguka, koma alendo achepa

Kenaka kudagwa mliri wa Covid-19, ndipo maiko adatseka zipata zao. M'chaka cha 2021 alendo onse ofika ku Thailand sadakwane ngakhale theka la miliyoni. Mahotela adatsekedwa, maboti adakhala pagombe, ndipo antchito ambiri adabwerera kumidzi kwao opanda kanthu m'manja.

Boma la China litalolanso anthu ake kuyenda m'chaka cha 2023, Thailand adapitirira pa zimene adachita kale. Pa 25 September 2023 adachotsa viza yeniyeniyo kwa Atchaina kwa miyezi isanu, ndipo nduna yaikulu ya nthawiyo, Srettha Thavisin, idapita yokha ku bwalo la ndege la Suvarnabhumi kukalonjera alendo oyamba. Koma patangopita masiku asanu ndi atatu, pa 3 October, mnyamata wa zaka 14 adaombera anthu ndi mfuti m'nyumba yaikulu ya masitolo yotchedwa Siam Paragon mu mzinda wa Bangkok, ndipo mmodzi wa ophedwawo anali mai wa ku China wodzaona malo. Mbiri ya imfayi idawanda ku China msanga kuposa mbiri ya chipata chaulere.

Pa 1 March 2024 lidayamba kugwira ntchito pangano la maiko awiriwa lakuti anthu ao aziyenderana popanda viza. Chaka chimenecho alendo onse adaposa 35 miliyoni, koma Atchaina anali 6.7 miliyoni okha, kutali ndi chiwerengero cha 2019.

Mu January 2025 mnyamata wina wa ku China wochita zisudzo, dzina lake Wang Xing, adanyengedwa kuti kuli ntchito ya kanema ku Thailand. Atatsika ndege adamtengera ku Mae Sot, m'malire, namuolotsera ku Myanmar, kumene magulu a akuba amatsekera anthu ndi kuwakakamiza kubera anzao pa intaneti. Adapulumutsidwa patapita masiku owerengeka, koma nkhani yake idalowa m'nyumba iliyonse ku China, ndipo ambiri amene adagula kale matikiti adalephereza maulendo ao. M'chaka cha 2025 Atchaina ofika ku Thailand sadakwane 5 miliyoni.

Owerenga aone bwino apa. M'chaka cha 2019, pamene viza idali yofunikabe, adabwera 11 miliyoni. M'chaka cha 2025, viza itachotsedwa yonse, sadakwane ndi theka lomwe la chiwerengerocho. Zifukwa zina zinalipo ndithu, monga kuchepa kwa ndalama m'matumba a Atchaina utatha mliri, ndi maiko ena oyandikana nawo amene adatsegulanso zipata zao. Koma mutu wa phunziro suli wobisika: msonkho uli mtolo waung'ono pamutu pa mlendo, mtolo waukulu ndi mantha. Munthu amene akaika ngati adzabwerera kwao wamoyo, sapita ngakhale amuitane chabe.

4. Walira mvula walira matope

Ngakhale alendo achuluke, nkhani siithera pomwepo, pakuti pali mafunso awiri otsala: ndalama zao zilowa m'thumba la yani, ndipo malo aja adzatsala otani iwo atapita?

Za funso loyamba, ku Thailand kudabuka maulendo otchipa kwambiri, amene mlendo ankalipira pang'ono chabe ali kwao. Atafika, ankamtengera m'basi ku masitolo osankhidwa kale, kumene ankamuumiriza kugula zinthu pa mtengo wokwera, ndipo phindu lambiri linkabwerera kwa eni maulendowo. Chiwerengero cha alendo chinkakoma pa pepala, koma wamalonda wamng'ono wa m'mbali mwa mseu ankangoona mabasi akudutsa. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'chaka cha 2016 boma lidalimbana nawo maulendo amenewa, nililanda mabasi ambiri a okonza ake.

Za funso lachiwiri, chitsanzo ndi gombe lokongola la Maya Bay. Alendo zikwi zingapo ankafikapo tsiku lililonse, kotero kuti maboti ndi anangula ao adaononga zamoyo za pansi pa madzi, ndipo nsomba zidathawa. Boma lidatseka gombelo mu June 2018, nilitsegulanso mu January 2022, litaika malamulo oletsa maboti kulowa m'kati mwake ndi ochepetsa chiwerengero cha olowa. Chimene chidakopa alendowo chidatsala pang'ono kutha chifukwa cha alendo omwewo.

5. Chimene Amalawi angatolepo

Nkhani imeneyi si ya kutali kokha ai. Mu February 2024 boma la Malawi nalonso lidalengeza kuti lachotsa viza kwa anthu a maiko 79, ndipo China anali mmodzi wa maikowo. Cholinga chinali chomwecho: kuti alendo adzaone nyanja ya Malawi, phiri la Mulanje ndi nyama za ku Liwonde, nasiye ndalama za kunja m'dziko.

Lamulo la viza boma limaika ndi cholembera, ndipo lingathe kulisintha ndi cholembera chomwecho tsiku lililonse. Koma zimene zimaitana mlendo kapena kumuingitsa sizili m'manja mwa nduna zokha. Zili m'manja mwa mwini boti amene amakana kunyamula anthu opyola muyeso, naumirira kuti aliyense avale chovala chomuyandamitsa pa madzi. Mwa woyendetsa galimoto amene sathamanga mopusa. Mwa wogulitsa zosema amene sanama pa mtengo. Mwa wapolisi wa pamseu amene sapempha kanthu. Ndi mwa mudzi umene susiya zinyalala pa mchenga wa kunyanja. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma zimene waona amapita nazo kwao, ndipo masiku ano amazifotokozera anthu zikwi zambiri pa foni yake asanakwere ndi ndege yomwe.

Kotero kuchotsa msonkho wa pachipata ndi chinthu chabwino, pakuti kumapeputsa ulendo ndi kuonetsa kuti eni dziko afuna alendo. Koma ndi chiyambi chabe cha ntchito. Mwini nyumba wanzeru, asanatsegule chitseko, amayamba waona ngati denga silidontha, ngati agalu ali omanga, ndiponso ngati chimene mlendo adzasiya chidzafika kwa ana a m'nyumbamo.

Mafunso okambirana

1. Kodi pasipoti isiyana bwanji ndi viza?
2. Boma likachotsa msonkho wa viza, liyembekeza kupeza ndalama kuchokera kuti?
3. Chifukwa ninji Atchaina adachepa ku Thailand m'chaka cha 2025 ngakhale viza inali itachotsedwa?
4. Kodi gombe la Maya Bay lidatsekedwa chifukwa ninji, ndipo midzi ya kunyanja ingaphunzirepo chiyani?
5. Mlendo atafika m'mudzi mwanu lero, ndi chiyani chimene chingamchititse kubweranso, ndipo ndi chiyani chimene chingamuingitse?