Phunziro 18: Sara wa ku dziko lozizira

Kutali kwambiri, kumpoto kwa dziko la Canada, kuli dera la Labrador. Kumeneko kumazizira mpaka madzi a m'nyanja amauma ngati mwala. Eni dera ndi anthu a mtundu wa Inuit. Iwo ankasaka nyama za m'nyanja pa mabwato a cikopa. Agalu ndiwo ankakoka cileyi.

M'mudzi wa Hebron mudali mwana, dzina lace Sara. Adali ndi zaka 4. Bambo ace adali a Abraham, mayi ace a Ulrike, ndipo mng'ono wace Maria adali wakhanda. A Abraham ankadziwa kuwerenga ndi kulemba m'cilankhulo cao. Ankaimbanso vayolini, coimbira conga kaligo.

M'caka ca 1880 kudafika mzungu pa sitima ya pamadzi. Adatumidwa ndi Carl Hagenbeck, wamalonda a nyama za m'thengo ku Hamburg. Ankafuna anthu oti akaonetsedwe ku Ulaya. A Abraham adali ndi ngongole ku sitolo, ndiye adavomera. Adapita anthu 8, mabanja awiri.

Ku Berlin adawaika kumalo oonetserako nyama. Anthu ankalipira ndalama kuti awaone, monga amaonera mkango kapena njovu. Ankadzazana, kukankhana ndi kucita phokoso. Koma Sara sadali nyama. Adali mwana ngati inu. A Abraham ankalemba zonse m'kabuku kao. Adalemba kuti phokoso lidawatopetsa ndipo adasowa kwao.

Amene adawatenga aja sadawabayitse katemera wa nthomba. M'mwezi wa Dezembro nthendayo idawagwira. Sara adagonekedwa m'cipatala ku Krefeld. Makolo ace adamusiya komweko, cifukwa cionetsero cinkapita ku Paris. Sara adamwalira pa 31 Dezembro 1880, bambo ndi mayi ace ali pa ulendo.

Anthu 5 otsala adabayidwa katemera ku Paris, koma mocedwa. Pofika pa 16 Janeiro 1881 onse adali atamwalira. Palibe adabwerera ku Labrador. Patapita zaka zoposa 100, mafupa a ena mwa iwo adapezeka m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Paris.

Tiyeni tiyankhe

Kodi Sara adali ndi zaka zingati?

Cifukwa ciyani a Abraham adavomera ulendowu?

Kunyumba, funsani agogo ngati adaonapo nthomba. Apempheni akuonetseni cipsera ca katemera pa mkono, ngati ali naco.