Phunziro la Chingerezi: Dzina ndi Mneni, Mawu Amodzi Ntchito Ziwiri

Ambiri a ife tili ndi ana amene akukhala kwa achibale ku Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri chifukwa cha sukulu. Enafe timapita konko ndi usipa ndi utaka wochokera ku Mangochi kukagulitsa mumsika wa Limbe. Kulikonseko Chingerezi chimatipeza: pa botolo la mankhwala a mbewu, pa fomu ya ngongole, ndi pa mayeso a MANEB. Tikudziwanso kuti mwana amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza maphunziro ena. Lero tione msampha umodzi umene umakola ambiri.

Dzina ndi mawu otchulira munthu, malo kapena chinthu: msodzi, dimba, ukonde. Mneni ndi mawu onena zochitika: kusodza, kulima, kuwamba. M'Chingerezi dzina amati noun, mneni amati verb.

M'Chichewa kusiyanitsa kwake n'kosavuta, chifukwa mawu akasintha ntchito amasinthanso maonekedwe. Kuchokera pa kulima timapeza mlimi ndi ulimi. Kuchokera pa kusodza timapeza msodzi ndi usodzi. Khutu limamva lokha. Koma Chingerezi nthawi zambiri chimasiya mawu momwe alili, n'kungowasuntha malo m'chiganizo. Taonani:

fish: nsomba, komanso kusodza
water: madzi, komanso kuthirira
plant: chomera, komanso kubzala
smoke: utsi, komanso kuwamba
weed: udzu wa m'munda, komanso kupalira
harvest: zokolola, komanso kukolola
store: sitolo kapena mosungira katundu, komanso kusunga

Ndiye tidziwa bwanji? Osayang'ana mawuwo okha ayi, yang'anani anansi ake.

Choyamba, ngati patsogolo pake pali the, a, my, our kapena this, kawirikawiri limenelo ndi dzina. "The water is dirty" akunena madzi, kuti ndi akuda.

Chachiwiri, ngati patsogolo pake pali I, we, they, will, can kapena do not, ameneyo ndi mneni. "We water the tomatoes" akunena kuti timathirira matimati.

Chachitatu, yesani kuika nkhaniyo dzulo. Mneni amalola: planted, smoked, watered. Dzina silisintha ndi nthawi. Nsomba ndi nsomba basi, dzulo ngakhale mawa.

Chachinayi, pa malangizo a mankhwala mawu oyamba m'chiganizo nthawi zambiri amakhala mneni wolamula. Mukaona "Store in a cool, dry place" musaganize za sitolo. Akukuuzani kuti sungani pamalo pozizira ndi pouma. Apa ndiye pofunika kusamala zedi, chifukwa kumva molakwika malangizo a mankhwala ophera anankafumbwe kungaononge chimanga chimene mwachivutikira chaka chonse, kapenanso kudwalitsa banja.

Chenjerani ndi chilembo cha s kumapeto. "The plants are dry" ndi zomera zambiri, dzina. "She plants rice" ndi mayi mmodzi amene amabzala mpunga, mneni. Chilembo n'chimodzimodzi, koma anansi ndiwo akuulula.

Palinso mawu ena amene kalembedwe n'kamodzi koma katchulidwe kamasiyana. Produce akakhala dzina, kutanthauza zokolola, mphamvu imagwera kumayambiriro: PRO-duce. Akakhala mneni, kutanthauza kupanga kapena kutulutsa, imagwera kumapeto: pro-DUCE. N'chimodzimodzi record ndi export. Mukamamvera nkhani za Chingerezi pa MBC, tcherani khutu, muzimva.

Tsopano yesani izi pamodzi ndi ana madzulo ano. Nenani ngati mawu a m'zilembo zazikulu ali dzina kapena mneni:

1. They FISH at night near Makanjira.
2. My aunt sells FISH at Ndirande market.
3. Do not SPRAY on a windy day.
4. The HARVEST was poor.
5. We SMOKE chambo before the journey to Blantyre.

Mayankho: 1 mneni, 2 dzina, 3 mneni, 4 dzina, 5 mneni.

Chiganizo chachiwiri chilibe the kapena my pafupi ndi fish, koma mneni alipo kale, sells, ndipo fish ndi chinthu chimene azakhali akugulitsa. Mukatha apa, tengani thumba la feteleza kapena paketi ya mbewu imene ili m'nyumbamo, mwana awerenge malangizo mokweza, inu muzimufunsa: limeneli ndi dzina kapena mneni?