Injini yakula mphamvu, koma wotchi ikuti chiyani?

Pafupi ndi mzinda wa Pretoria ku South Africa pali bwalo la mpikisano wa magalimoto lotchedwa Zwartkops. Msewu wake ndi wozungulira, wotalika pafupifupi makilomita 2.4, ndipo ambiri amene amathamangitsa magalimoto pamenepo si akatswiri olipidwa ayi. Ndi anthu a ntchito zina amene amagula galimoto yakale n'kumaikonza okha kumapeto kwa sabata. Imodzi mwa galimoto zokondedwa pa masewerawa ndi Volkswagen Citi Golf, imene inkapangidwa ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009. Ndi yopepuka, zipangizo zake sizisowa, ndipo amakaniko akumeneko amaidziwa bwino.

Tiyerekeze kuti mwini Golf yotereyi wawonjezera mphamvu ya injini, wagula matayala a mpikisano, wasintha mapadi a mabuleki ndi mashoko, wazula mipando yakumbuyo, n'kuwotcherera khola la mapaipi achitsulo mkati loti limuteteze galimoto ikagubuduzika. Ndalama zapita. Kodi tsopano izungulira bwalo mofulumira kuposa kale? Yankho silipezeka pomvera kulira kwa injini. Limapezeka pa tsiku loyesa, ndipo tsiku limenelo ndi experiment ngati ya mu labu ya kusukulu kwanu, kungoti zida zake ndi wotchi, geji ya mpweya ndi kope.

Dalaivala wanzeru sayamba ndi kuponda moto. Maulendo oyamba amayenda mwapang'onopang'ono, akumvetsera ngati china chikugogoda, maso ali pa geji ya kutentha kwa madzi ndi ya oilo. Kenako amaima kuti aone ngati mafuta akudontha kapena mabawuti a mawilo akhwepa. Zikakhala bwino, m'pamene wotchi imayamba ntchito.

Nkhani yonse ili pansi, pa tayala

Galimoto imakhudza msewu pa malo anayi okha, ndipo malo alionse ndi aakulu ngati chikhatho cha dzanja lanu. Kunyamuka, kuima, kukhota, zonse zimadutsa pa zikhatho zinayi zimenezi kudzera mu friction, kugwirana kwa labala ndi tala.

Pa kona, galimoto imafuna kupita molunjika monga lamulo loyamba la Newton limanenera. Kuti ikhote pafunika mphamvu yoikokera mkati mwa kona, centripetal force, imene ndi mv²/r. Imene ikupereka mphamvuyo ndi friction, ndipo malire ake ndi μmg. Tikafananitsa ziwirizi, m amachoka mbali zonse, n'kutsala v = √(μgr).

Tayang'anitsitsani fomulayi. Muli μ, kutanthauza kugwira kwa tayala. Muli g. Muli r, kukula kwa kona. Injini ili pati? Mulibe.

Tiyeni tiikemo manambala oyerekezera. Kona ya r wa mamita 50, g titenge 10, matayala wamba a μ wa 0.8. Zikutipatsa √400, omwe ndi mamita 20 pa sekondi, kapena makilomita 72 pa ola. Kuposa pamenepo galimoto iterereka, kaya injini ndi ya Golf kapena ya Ferrari. Tsopano ikani matayala a labala yofewa a μ wa 1.2. Zikutipatsa √600, mamita 24.5 pa sekondi, pafupifupi makilomita 88 pa ola. Ngati konayo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a circle, kutalika kwake ndi mamita 78.5. Galimoto yoyamba imatenga masekondi 3.9, yachiwiri 3.2. Pa kona imodzi yokha mwapindula masekondi 0.7, komanso mukutuluka muli kale ndi liwiro lalikulu, limene mupita nalo mpaka kumapeto kwa msewu wowongoka. N'chifukwa chake anthu odziwa masewerawa amayamba kugula matayala asanakhudze injini. Ine ndikuona kuti amalondola.

Wina afunsa kuti, ngati m wachoka mu fomula, bwanji anazula mipando? Funso labwino. Choyamba, galimoto yopepuka imanyamuka msanga, paja a = F/m. Chachiwiri, fomula ya m'buku imatenga μ ngati sasintha, pamene pa labala yeniyeni μ amatsika pang'ono tayala likamalemedwa kwambiri. Ndiye kupepuka kumathandizabe ndithu pa kona.

Pali chinanso. Kugwira kwa tayala kuli ngati ndalama ya m'thumba pa nthawi ya buleki kusukulu: mukaithera pa mandasi, zitumbuwa simugula. Tayala likathera kugwira kwake konse pokoka galimoto, silitsala ndi kanthu kokhotera. Citi Golf imakokedwa ndi mawilo akutsogolo, omwenso ndi okhotetsa. Dalaivala akaponda moto molawirira ali mkati mwa kona, mawilowo amalephera ntchito ziwirizo nthawi imodzi, mphuno ya galimoto n'kumapita kunja ngakhale chiwongolero chapindidwa. Amati understeer. Injini ikakula mphamvu, vutoli limabwera mosavuta kuposa kale, moti galimoto yowonjezeredwa mphamvu itha kuchedwa pa wotchi mpaka mashoko, masipuling'i ndi phazi la dalaivala zitagwirizana ndi mphamvu yatsopanoyo.

Mpweya wa m'tayala sukhala chimodzimodzi

Galimoto ikangoima itazungulira kangapo, wothandiza amathamangira ku matayala ndi geji, osati ku injini. Amafulumira chifukwa tayala limayamba kuzizira nthawi yomweyo.

Mukukumbukira pressure law? Volume ikakhala yosasintha, P/T sasinthanso, bola T akhale mu kelvin. Tinene kuti m'mawa tayala linapopedwa mpaka geji kuwerenga 200 kPa, kukutentha 20°C. Geji siwerengera mpweya wa kunja, ndiye tiwonjezere 100 kPa kuti masamu aphweke: 300 kPa pa 293 K. Mpweya wa mkati ukafika 70°C, omwe ndi 343 K, pressure imakhala 300 × 343 ÷ 293, pafupifupi 351 kPa. Geji iwerenga 251. Palibe wapopa, koma tayala lafufuma, pakati pake patukuka, chikhatho chija chachepa, kugwira kwatsika. Choncho pa bwalo pressure yofunika ndi ya tayala lotentha, ndipo m'mawa amapopa mocheperapo dala.

Amayezanso kutentha kwa labala pa malo atatu: m'mphepete mwa mkati, pakati, ndi m'mphepete mwa kunja. Pakati pakatentha kuposa m'mbali, mpweya wachuluka. M'mphepete mwa kunja mukatentha kwambiri, ndiye kuti tayala likugonera kunja pa kona, ndipo amalipendeketsa pang'ono kuti pamwamba pake paweramire mkati. Kupendeketsaku amati negative camber.

Mabuleki ndi mbaula

Apa ndiye pamene pagona moyo wa munthu. Buleki sichotsa energy, imangoisandutsa kutentha. Galimoto ya makilogalamu 1,000 pamodzi ndi dalaivala ikufika kumapeto kwa msewu wowongoka pa mamita 40 pa sekondi, omwe ndi makilomita 144 pa ola, ndipo iyenera kutsika kufika pa 20 kuti ilowe kona ija. Kinetic energy ndi ½mv². Pa 40 ndi majoule 800,000, pa 20 ndi 200,000. Kusiyana kwake, majoule 600,000, kwakukulu kumathera m'mabuleki pa masekondi ochepa chabe, kwina pang'ono kumatengedwa ndi mphepo. Kutenthetsa lita imodzi ya madzi kuchoka pa 20°C kufika pa 100°C kumafuna 4,200 × 80, majoule 336,000. Ndiye kuponda buleki kamodzi kokha n'kokwanira kufikitsa pafupifupi malita awiri a madzi powira. Madzi a nsima ya banja lonse amenewo, eti? Ndipo izi zikuchitika kangapo pa ulendo uliwonse wozungulira bwalo.

Tsopano onani chimene injini yatsopano yabweretsa. Galimoto ikufika pamalo omwewo pa 44 m'malo mwa 40. Liwiro lakwera ndi 10 peresenti yokha. Koma ½ × 1,000 × 44² ndi 968,000, kuchotsa 200,000 kutsala 768,000. Kutentha kwakwera ndi 28 peresenti. Ka 2 kali pamwamba pa v kaja si kokongoletsa.

Kutentha kukapitirira, zinthu ziwiri zimachitika. Mapadi amataya kugwira kwake. Choopsa kwambiri, mafuta a mabuleki amawira. Mabuleki amadalira mfundo ya Pascal: madzimadzi safinyika, choncho phazi likakankha kuno, mphamvu imafika ku wilo. Koma mafuta akawira amapanga thovu la gasi, ndipo gasi amafinyika. Phazi limangomira mpaka pansi, galimoto osaima. Mafuta a mtundu wa DOT 4 amayenera kusawira asanafike 230°C akakhala atsopano, koma amayamwa chinyezi cha mu mpweya, ndipo akayamwa malire amene lamulo limafuna ndi 155°C basi. N'chifukwa chake munthu wosamala amathira mafuta atsopano asanapite ku bwalo.

Zimenezi si za ku Zwartkops kokha. Lole kapena minibasi yodzaza ikamatsika mtsetse wa Chiweta kapena wa ku Chikwawa, potential energy yonse ya phirilo iyenera kupita kwinakwake. Dalaivala akangodalira phazi la buleki, fungo la kupsa limene okwera amamva ndi physics yomweyi. Wodziwa amatsika ndi giya yaing'ono kuti injini ithandize kuletsa liwiro.

Sinthani chimodzi, yezani, lembani

Mwini Golf uja wasintha zinthu zisanu nthawi imodzi. Wotchi ikaonetsa kuti wafulumira ndi sekondi imodzi, sangadziwe kuti yathandiza ndi iti. Mwina matayala apereka masekondi awiri, mashoko n'kulanda imodzi. Aphunzitsi anu a sayansi akamalimbikira za fair test, akunena zimenezi. Pa bwalo amasintha chinthu chimodzi, kuzungulira maulendo angapo, kutenga avereji, kulemba m'kope, kenako n'kusintha china.

Zosokoneza zilipo zambiri. Dalaivala amazolowera msewu tsiku likamapita, ndiye nthawi imatsika ngakhale galimoto isanasinthe. Petulo akamatha galimoto imapepuka. Mpweya wozizira wa m'mawa ndi wothinana kuposa wa masana, choncho injini imapeza oxygen wambiri m'mawa. Ngakhale malo amene bwalo lili ali ndi mbali yake: Pretoria ndi Johannesburg zili pamtunda kwambiri, kumene mpweya ndi wopepuka, moti injini yopanda turbo imatulutsa mphamvu yocheperapo kusiyana ndi pa bwalo la Killarney ku Cape Town, pafupi ndi nyanja. Pofuna kuthana ndi zina mwa izi, oyesa amayamba ndi makonzedwe akale, kupita ku atsopano, kenako kubwereranso ku akale. Nthawi ikabwereranso pomwe inali, ndiye kuti kusinthako kunalidi kwa chipangizo, osati kwa dzuwa kapena kwa dalaivala.

Nayi ntchito yanu. Mu v = √(μgr) tasewera ndi μ yekha, koma dalaivala atha kusinthanso r. Akalowa kona kuchokera m'mphepete mwa kunja, kudzera mkati kwenikweni, n'kutulukiranso kunja, njira imene galimoto yadutsa imakhala yotambasuka kuposa kona yeniyeniyo. Tengani matayala wamba aja a μ wa 0.8, r akule kuchoka pa mamita 50 kufika pa 72, g akhale 10. Pezani v, ndipo muyerekeze yankho lanu ndi 24.5 amene matayala odula aja anapereka.