Phunziro 24: Makina a kumwamba amayeza nthaka

Tiyeni tiwerenge

Magetsi a ku Cahora Bassa amacokera ku madzi a mtsinje wa Zambezi. M'maiko ena, magetsi amacokera ku nthunzi ya pansi pa nthaka.

Pansi penipeni pali miyala yotentha. Miyalayo imawiritsa madzi. Anthu amakumba zitsime zakuya. Nthunzi imakwera m'mapaipi. Imazunguza makina, ndipo magetsi amayaka.

Wairakei ndi malo a ku New Zealand, dziko la kutali kwambiri. Kumeneko anayamba kupanga magetsi otere mu 1958. Anatunga madzi otentha ambiri. Pang'onopang'ono nthaka inayamba kutsika. Patapita zaka pafupifupi 50, pamalo ena inali itatsika mamita pafupifupi 15. Mapaipi ndi ngalande zinaonongeka.

Nthaka imatsika mwakacetecete. Maso athu saona msanga. Nanga anthu amadziwa bwanji?

Kumwamba, kupitirira mitambo, kuli makina ozungulira dziko lapansi. Dzina lake ndi satelaiti. Satelaiti zina zili ndi cida coyezera, dzina lake rada.

Ukafuula pafupi ndi phiri, mawu ako amabwerera. Rada imacitanso cimodzimodzi. Imatumiza mafunde osaoneka pansi. Mafundewo amagunda nthaka n'kubwerera kumwamba. Rada imagwira nchito usana ndi usiku, ngakhale kuli mitambo.

Mu 2014, maiko a ku Ulaya anatumiza kumwamba satelaiti yoyamba ya mtundu wa Sentinel-1. Satelaiti yotere imauluka makilomita pafupifupi 700 kucokera pansi. Imadutsanso pamalo omwewo pakapita masiku 12. Akatswiri amayerekezera zithunzi zake ziwiri. Amaona ngati nthaka yatsika, ngakhale ndi sentimita imodzi yokha.

Akaona msanga, amacenjeza anthu msanga. Eni makina amabwezera madzi ena pansi pa nthaka. Motero amateteza nyumba, misewu ndi mapaipi.

Yankhani mafunso

1. Kodi nthunzi imacokera kuti?
2. N'cifukwa ciani nthaka ya ku Wairakei inatsika?
3. Kodi rada imaona kukakhala mitambo?

Kunyumba, pamodzi ndi makolo

Thirani matope ofewa m'citini. Lembani cizindikiro ndi khala pamene matope alekezera. Ikani citinico padzuwa masiku 5. Kodi matope akali pa cizindikiro? Kodi madzi apita kuti? Mukauze aphunzitsi zimene mwaona.