Mafunso ndi Mayankho pa Luso Losandutsa Zifanizo za Ndege Kukhala Ndege Zozimitsa Moto

1. Kodi luso limeneli ndi lotani?

Makampani monga Airfix, Revell, Hasegawa ndi Heller amagulitsa m'mabokosi tizidutswa ta pulasitiki timene munthu akatilumikiza ndi guluu n'kutipaka penti timakhala chifanizo chaching'ono cha ndege yeniyeni. Popeza mabokosi ambiri amakhala a ndege zankhondo kapena zonyamula anthu monga mmene zinatulukira m'fakitale, wofuna ndege yozimitsa moto wa m'nkhalango amayenera kudula, kutseka ndi kuwonjezera yekha zimene zikusowa. Potero amabwereza pa thebulo ntchito imene mainjiniya anagwira pa ndege yeniyeniyo, ndipo chifanizo chimakhala choona pokhapokha mmisiri akamvetsa chifukwa chimene chinthu chilichonse chinachotsedwera kapena kuikidwira.

2. N'chifukwa chiyani ndege zambiri zozimitsa moto zinayamba zagwira ntchito ina?

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, ndege zankhondo zambirimbiri zinatsala zopanda ntchito ku America ndi ku Canada ndipo zinkagulitsidwa motchipa. Zinalinso ndi ubwino wakuti chipinda cha mabomba chimakhala pansi pa mapiko, pamalo pamene katundu wolemera angathe kutayidwa nthawi imodzi ndege osapendekera kutsogolo kapena kumbuyo, choncho thanki ya madzi inkakwana pomwepo. Ndege za Grumman Avenger ndi Consolidated Catalina zinali zina mwa ndege zotsala zimene zinalowa ntchitoyi, ndipo mu 1959 makampani a matabwa ku British Columbia anagula ndege zinayi zikuluzikulu zotera pamadzi za Martin Mars zimene zinali za asilikali apamadzi a ku America. Ndege ya Canadair CL-215, imene inauluka koyamba mu 1967, ndi yosiyana ndi zimenezi chifukwa inapangidwira ntchito yozimitsa moto kuyambira pachiyambi, ndipo chifanizo chake, chimene Heller imagulitsa, sichifuna kusandutsidwa.

3. Kodi sikelo n'chiyani, ndipo imasankhidwa bwanji?

Sikelo ndi muyeso wosonyeza kuti chifanizo chachepa kangati poyerekeza ndi ndege yeniyeni, kotero kuti pa sikelo ya 1/72 sentimita imodzi imaimira masentimita 72. Mapiko a Avenger, amene ndi otalika mamita 16.5, amakhala pafupifupi masentimita 23 pa sikelo imeneyi, pamene a Martin Mars, otalika mamita 61, amafika masentimita 85. N'chifukwa chake ndege zikuluzikulu monga DC-10 ndi Boeing 747 kawirikawiri zimamangidwa pa sikelo ya 1/144, pamene zing'onozing'ono zimaoneka bwino pa 1/72 kapena 1/48. Kuchuluka kwa zimene thanki inganyamule kumachepa kwambiri kuposa utali, chifukwa m'litali, m'lifupi ndi kuya zonse zimachepa limodzi, mwakuti malita 27,000 amene Mars inkanyamula amasanduka mamililita pafupifupi 72 okha pa sikelo ya 1/72.

4. Ndi zinthu ziti zimene zimayamba kuchotsedwa?

Mainjiniya ankachotsa chilichonse chankhondo kuti kulemera kwake kulowedwe m'malo ndi madzi, ndipo mmisiri wa zifanizo amachita chimodzimodzi. Pa Avenger amachotsa kachipinda kozungulira ka mfuti kamene kali kumbuyo kwa woyendetsa, n'kutseka bowolo mosalala, ndipo zitseko za chipinda cha mabomba zimasiyidwa m'bokosi. Pa Grumman S-2 Tracker, imene inali yosaka sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi, zimachoka ndi zida zosakira sitimazo pamodzi ndi ngowe ya kumchira yokolera chingwe potera pa sitima yonyamula ndege. Mabowo amatsekedwa ndi timapepala ta pulasitiki, mipata imamatidwa ndi phala monga Milliput, kenaka pamapalidwa ndi sandipepa mpaka msoko usaonekenso. Ndege yokhala ndi tayala lakutsogolo imafunikanso kachitsulo kolemera m'mphuno thupi lisanatsekedwe, apo ayi imakhalira mchira.

5. Nanga thanki imamangidwa bwanji?

Pano ndi pamene pagona ntchito yonse, chifukwa thanki ndi imene imasiyanitsa ndege ina ndi inzake, ndipo mitundu yake ilipo itatu. Mtundu woyamba ndi thanki yakunja yomangiriridwa kumimba kwa ndege, monga ya DC-10 ya kampani ya 10 Tanker Air Carrier, imene inayamba ntchito mu 2006 ndipo imanyamula malita oposa 35,000. Thanki yotereyi imaumbidwa ndi timapepala ta pulasitiki tosanjikizana kapena imagulidwa youmbiratu ndi utomoni wolimba wotchedwa rezini, ndipo masiku ano ena amaipanga ndi makina osindikiza a 3D.

Mtundu wachiwiri ndi thanki yam'kati, imene kunja imaonekera ndi zitseko zake zokha. Pa ndege zotera pamadzi monga Catalina ndi Mars pamafunikanso timapaipi totungira, timene woyendetsa amatitsitsa ndege ikamathamanga pamwamba pa nyanja kuti liwiro lake likankhire madzi m'thanki, komanso timabowo ta m'mbali totulutsira madzi osefukira. Mtundu wachitatu ndi thanki yochotseka ya MAFFS, ya malita pafupifupi 11,000, imene imalowetsedwa m'ndege yankhondo ya C-130 nthawi ya moto yokha. Pa MAFFS II paipi yopopera imatulukira pa chitseko cha kumanzere chakumbuyo, choncho mmisiri amangosintha chitsekocho n'kuwonjezera nambala zikuluzikulu.

6. Kodi kufiira kwa kumimba kwa ndegezi kumachokera kuti?

Ndege zambiri zonyamukira pamtunda sizithira madzi okha koma mankhwala ochedwetsa moto monga Phos-Chek, amene amapangidwa ndi mchere wa amoniyamu fosifeti, wofanana ndi wa m'feteleza, ndipo amathiridwa patsogolo pa moto kuti zomera zisayake msanga. Amafiiritsidwa dala kuti woyendetsa wotsatira aone pamene mnzake walekezera, ndipo mphepo imawamwaza kuchokera pa zitseko za thanki mpaka kumchira. Pa chifanizo, mizere imeneyi imapakidwa ndi penti yosungunula kwambiri motsatira njira ya mphepo. Ndege imene imatunga madzi a m'nyanja siyenera kupakidwa motero pokhapokha chithunzi chikusonyeza kuti inanyamulapo mankhwalawo.

7. N'chifukwa chiyani akatswiri amalangiza kusankha ndege imodzi ya chaka chimodzi?

Ndege zimenezi sizinasandutsidwe m'fakitale imodzi, ndipo ziwiri za mtundu umodzi zimatha kusiyana thanki, mawindo, injini ndi penti. Tracker imene kampani ya Conair inasandutsa n'kuitcha Firecat siyofanana ndi S-2T ya bungwe la CAL FIRE ku California, imene ili ndi injini zatsopano zowonda, zopalasira mphepo za masamba asanu ndi thanki ya malita pafupifupi 4,500. Ndege zambiri zakale zinasiyanso ntchito, makamaka pambuyo pa 2002 pamene C-130A ndi PB4Y-2 Privateer zinathyoka mapiko zili m'mlengalenga chifukwa cha kutopa kwa zitsulo, ndipo Hawaii Mars, imodzi mwa ndege za Martin Mars zija, inapita ku British Columbia Aviation Museum mu 2024. Choncho mmisiri asanadule kanthu amasonkhanitsa zithunzi za ndege imodzi zojambulidwa chakutsogolo, cham'mbali ndi chapansi, amatsimikiza nambala yake yakumchira ndi chaka chake, ndipo chilichonse chimene sichikuoneka pa zithunzizo sachiika pa chifanizo.