Kulekana kwa Mafupa a Paphewa

Munthu akagwa panjinga kapena mumtengo n'kufikira phewa, minyewa imene imamanga fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi ku fupa la phewa imatha kung'ambika. Pamwamba pa phewa pamatumphuka chotupa cholimba, ndipo kukweza mkono kumapweteka kwambiri. Apatu mkono sunaguluke ayi, motero kuukoka kapena kutemera mphini kumangoonjezera vuto.

Wovulalayo akoleke mkonowo m'khosi ndi chitenje, aike paphewapo nsalu yoviika m'madzi ozizira kwa mphindi 15, amwe panado, ndipo apite kuchipatala akamujambule, pakuti mwina fupa lathyoka. Ovulala pang'ono amachira pa masabata 2 mpaka 6 popanda opaleshoni. Koma zala zikachita dzanzi, asagone kunyumba.